NYUMBA NDI DZUWA M'DZIKO LA MCHINJI

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku malire a Zambia, akaoloka Namitete ndi kulowa m'boma la Mchinji, amaona nyumba zambiri za njerwa zofolera ndi malata. Nyumbazo zimaoneka zofanana, koma eni ake sakhalamo mofanana. M'mwezi wa Okutobala banja lina limagona tulo tabwino, pamene banja lapafupi limatulutsa mphasa pabwalo chifukwa m'nyumba mwasanduka ng'anjo. M'mwezi wa Juni mayi wina amayanika ufa kuseri kwa nyumba yake nauchotsa utauma dzuwa lisanapendeke, pamene wa mnzake umagona wosauma. Njerwa ndi zomwezo, mmisiri ndi yemweyo. Chosiyana ndicho kumene nyumbayo inapenya.

Nkhani ya kopenyetsa nyumba sinawavute makolo akale monga iwavutira anthu a masiku ano. Inadza pang'onopang'ono, pamodzi ndi boma, mishoni, fodya, malata ndi misewu. Koma kuti mbiri yake imveke bwino, kuyenera kuyamba ndi dzuwa lenilenilo.

NJIRA YA DZUWA

Dziko la Mchinji lili pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mapiri ake ndiwo magwero a mtsinje wa Bua. Chifukwa cha kukwera kumeneku, usiku wa Juni ndi Julayi umazizira kwambiri, makamaka kufupi ndi madambo. Nthawi imeneyo mphepo ya mwera imaomba kuchokera pakati pa kumwera ndi kum'mawa. Koma pofika Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, kutentha kwa masana kumafika madigiri 30 kapena kupitirira. Motero nyumba ya ku Mchinji ili ndi adani awiri, chisanu ndi chilimwe, ndipo iyenera kulimbana nawo onse.

Munthu aliyense amadziwa kuti dzuwa limatuluka kum'mawa ndi kulowa kumadzulo. Koma si onse amene anapenyetsetsa kuti siliyenda njira imodzi chaka chonse. Dziko lapansi ndi lopendekeka pamene lizungulira dzuwa, ndipo Mchinji ili madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa mzere wa pakati pa dziko, wotchedwa Equator. Pa chifukwa ichi, kawiri pa chaka dzuwa la masana limaima paliombo penipeni: kumapeto kwa Okutobala, ndiponso Febuluwale asanafike pakati. Masiku amenewo mtengo woongoka umaponda mthunzi wake womwe.

Kuyambira pakati pa Febuluwale kufikira kumapeto kwa Okutobala, miyezi yoposa isanu ndi itatu, dzuwa la masana limadzera kumpoto, ndipo mithunzi imagwera kumwera. Limatsika koposa cha pa 21 Juni. Tsiku limenelo mtengo wotalika mamita 4 umagwetsa mthunzi wa mamita 3 masana enieni. Koma mu Novembala, Disembala ndi Januwale dzuwa limadzera kumwera, mithunzi nigwera kumpoto. Pamenepo silipendeka kwambiri ayi, pakuti cha pa 21 Disembala mthunzi wa mtengo womwe uja sufika ndi mita imodzi yomwe.

Tsono mawu ofunika kuwasunga ndi awa: m'nyengo yozizira dzuwa limakhala kumpoto ndiponso lotsika, m'nyengo yotentha limakhala pamutu, ndipo limapweteka koposa likamatsikira kumadzulo.

NYUMBA YA MAKOLO

Achewa akale ankamanga nyumba zozungulira. Mwamuna ankalemba mzere wozungulira pansi, nazika nsichi, nazimanga ndi mbariro ndi luzi. Pambuyo pake makoma ankamatidwa ndi dothi, ndipo akazi ankazira pansi. Phaso linkakumana pamwamba, denga nilifoleredwa ndi udzu wokhuthala. Dengalo silinkalekeza pa khoma, koma linkatsikira kunja ndi kutsamira pa nsanamira, nilipanga khonde lozungulira nyumba yonse. Mazenera munalibe. Khomo linali limodzi, laling'ono.

Nyumba yotere inalibe mbali yaitali kapena yaifupi. Dzuwa lidzere kumpoto, lidzere kumwera, khonde linkaphimba khoma mofanana ponseponse. Udzu sulola kutentha kupyola msanga, choncho masana a chilimwe m'nyumba munkakhala mozizira bwino. Usiku wa chisanu moto wa pa mafuwa unkafunditsa banja lonse, ndipo utsi unkatulukira m'udzu, nusiya mwaye umene unkaingitsa tizilombo toononga phaso.

Malo omangapo munthu sankadzisankhira yekha. Mkamwini ankamanga kwa mkazi wake, pamene eni mbumba amuloza, pafupi ndi nyumba za apongozi ndi abale ena a mkaziyo. Chotsalira kwa iye chinali khomo lokha, ndipo apa womanga wanzeru ankayamba wamvera mphepo, pakuti khomo lopenya kochokera mwera limalowetsa chisanu ndi fumbi, ndi kuulutsa moto m'nyumba ya udzu.

Kuseri kwa nyumba nakonso sikunali nkhani yaikulu. Mabwalo anali otakasuka, opanda malire olembedwa. Mayi akaona kuti mthunzi wafika pa mphasa ya ufa kapena ya mfutso, ankangoikokera padzuwa. Nkhalamba zinkaothera dzuwa la m'mawa mbali ina ya khonde, masana nizisamukira mbali ina. Nyumba inkakhala chikhalire, anthu ndiwo ankazungulira.

Sikuti nyumbayi inalibe zovuta. Munali mdima, utsi unkapweteka maso ndi zifuwa, chiswe chinkadya nsichi, ndipo moto ukabuka nyumba inkatha m'kanthawi kochepa. Koma pa nkhani ya dzuwa inali yosavuta konse.

MASIKU A NKHONDO

Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka mtsinje wa Zambezi, tsiku limene kunachita kadamsana, dzuwa nilida masana. Zwangendaba atamwalira mtundu unagawikana, ndipo m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870 mwana wake Mpezeni anakhazikika ndi anthu ake m'dziko limene lero lili mbali zonse ziwiri za malire, ku Chipata ndi ku Mchinji. Anamenyana ndi Achewa a kumeneko, ndipo wina mwa mafumu amene anakumana ndi nkhondoyo anali Mkanda. Mpaka lero m'boma la Mchinji muli mafumu a Chingoni, monga Zulu ndi Mlonyeni.

Mudzi wa Angoni unali ndi dongosolo lakelake. Pakati pankakhala khola la ng'ombe, nyumba nizimangidwa molizungulira. Chuma ndi ulemu zinali pakatipo, ndipo mudzi wonse unkapenya kumeneko. Achewa ambiri nawo anathawira m'mapiri, ena namanga malinga, nakhala mothinana m'kati mwake. M'linga munthu sakanafunsa za dzuwa kapena za mphepo. Ankamanga pamene papezeka malo, nathokoza kuti wagona ndi moyo. Komabe popeza nyumba zinali zikali zozungulira ndi zaudzu, kuthinanako sikunawatenthetse monga kumatenthetsera anthu a m'makomboni a masiku ano.

NYUMBA YA NGODYA ZINAYI

Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi. Mu Januwale 1898 asilikali a boma anathira nkhondo Angoni a Mpezeni nawagonjetsa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, anaphedwa. Linga la asilikali la m'dera lino linatchedwa Fort Manning, potengera dzina la William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Dzina limeneli linakhalapo kufikira dziko litalandira ufulu, pamene bomalo linayamba kutchedwa Mchinji.

Nkhondo itatha amishoni anafika. A mpingo wa Dutch Reformed anatsegula Magwero mu 1899, tsidya la malire kufupi ndi Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Ansembe a White Fathers anatsegula Kachebere mu 1903, ndipo mu 1939 pamalopo panayamba seminale yaikulu. Ku boma ndi ku mishoni ndiko anthu ambiri anayamba kuona chikombole, uvuni wootchera njerwa, ndi chingwe cha mmisiri chowongolera ngodya. Anyamata amene anagwira ntchito kumeneko anabwerera kumudzi ndi luso latsopano.

Azungu ankaopa dzuwa la kuno kwambiri. Nyumba zawo zinali za makoma okhuthala ndi aatali, denga lokwera, ndi khonde lalikulu kutsogolo, kawirikawiri ndi m'mbali momwe. Kunena zoona, khonde limenelo linkagwira ntchito yomwe ija ya khonde la makolo. Iwo anafunikanso kuphunzira dzuwa mwatsopano, pakuti kwawo ku Ulaya dzuwa la masana limakhala kumwera chaka chonse, ndipo nyumba yofunda ndi imene yapenya kumwera. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri anakaona nyumba za m'tauni, limakhala kumpoto pafupifupi chaka chonse. Ku Mchinji limadzera mbali zonse ziwiri, choncho langizo la m'buku la kutali silingatsatidwe osayamba walingalira.

Msonkho wa nyumba unakakamiza amuna kufuna ndalama. Ambiri anapita ku Salisbury, imene lero ndi Harare, ndi ku migodi ya ku Joni. Ena analima fodya, amene anafala m'chigawo cha pakati m'zaka za m'ma 1920, kufikira boma linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti iyang'anire malonda ake. Wobwera ku ulendo ndi wogulitsa fodya ankagula bedi, tebulo ndi mipando. Katundu wotere sakhala bwino m'nyumba yozungulira. Ankafunanso chipinda chogona chosiyana ndi pabalaza. Choncho nyumba ya ngodya zinayi, ya mdindo kapena ya zidina, inayamba kuchuluka m'midzi, niikhala chizindikiro cha munthu wotsogola.

Apa ndipo pamene nkhani ya dzuwa inabadwira. Nyumba ya ngodya zinayi ili ndi nkhope ndi msana. Ili ndi makoma awiri aatali ndi awiri aafupi, ndipo ili ndi mazenera. Khoma lililonse limalandira dzuwa lakelake, pa nthawi yakeyake. Ambiri anatengera ngodya za Azungu, koma khonde lalikulu analisiya chifukwa cha kuchepa kwa ndalama ndi mitengo.

MALATA NDI MSEWU

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr. Kamuzu Banda ankabwereza kawirikawiri kuti munthu aliyense akhale ndi chakudya, zovala, ndi nyumba yosadontha. Kwa anthu ambiri nyumba yosadontha inatanthauza nyumba ya malata. Chikhumbo chimenechi sichinathe, pakuti ngakhale pakati pa 2014 ndi 2020 boma la Peter Mutharika linali ndi ndondomeko yothandiza mabanja kupeza malata ndi simenti. Malata sadontha, sagwira moto, ndipo sasowa kufolera chaka ndi chaka. Udzu nawo unayamba kusowa pamene madambo analimidwa. Koma lata ndi chitsulo chopyapyala. Masana limapsa ndi kuthira kutentha kwake pa mitu ya anthu, usiku nilizizira msanga. Ndiponso popeza ndi lodula, eni nyumba amalidula pafupi ndi khoma, khomalo nilitsala pa mtetete.

Misewu inasinthanso maonekedwe a midzi. Njanji yochokera ku Lilongwe inafika ku Mchinji mu 1980, ndipo mu 2010 inalumikizidwa ndi Chipata. Misika inakula pa Kamwendo, pa Boma ndi pa malire. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma lino. Malo anachepa, mapoloti anadulidwa, mipanda inamangidwa. Womanga nyumba sanafunsenso mphepo kapena dzuwa. Anafunsa msewu, nalozetsa khomo kumeneko.

Ena msewu unawachitira mwayi osadziwa. Msewu wa Lilongwe kunka ku Mchinji, wa makilomita pafupifupi 110, m'malo ambiri umayenda kuchokera kum'mawa kunka kumadzulo. Nyumba zoupenya zimakhala ndi makoma aatali kumpoto ndi kumwera, ndipo kumeneko ndiko kuimika kwabwino. Koma pa misewu yolunjika kumpoto, monga wochokera pa Boma kunka kwa Mkanda, nyumba yopenya msewu imapereka khoma lake lalitali, pamodzi ndi mazenera, ku dzuwa la m'mawa ndi la madzulo.

M'KATI MWA NYUMBA

Chifukwa chake nyumba zotere zimasiyana ndi ichi. M'nyengo yotentha dzuwa la masana limakhala pamwamba, ndipo limamenya denga lokha. Khoma la kumpoto ndi la kumwera zimabisala pansi pa denga, ngakhale litatulukira kunja pang'ono chabe. Koma kuyambira cha m'ma 2 koloko dzuwa limatsikira kumadzulo, nililasa khoma la kumeneko maso ndi maso, pa nthawi imene mpweya womwe watentha kale. Palibe mphepete ya denga imene ingalitchinge, chifukwa limadzera pansi pake. Njerwa imamwa kutentha pang'onopang'ono ndi kukutulutsa pang'onopang'ono. Kutentha kumene khoma lamwa madzulo limakubweza m'chipinda usiku, anthu atagona. Banja limene chipinda chake chogona chili kumadzulo ndilo limatulutsa mphasa pabwalo.

M'nyengo yozizira zinthu zimatembenuka. Dzuwa lotsika la kumpoto limalowa pansi pa denga ndi kufunditsa khoma la kumpoto tsiku lonse. Ngati denga latulukira kunja masentimita 60, masana a mu Juni limaphimba masentimita 80 okha a pamwamba pa khoma, kwina konse nikulandira dzuwa pamodzi ndi zenera. Motero khoma limodzimodzilo limakhala pa mthunzi mu Okutobala ndi padzuwa mu Juni, monga momwe munthu afunira. Khoma la kumwera ndilo siliona dzuwa m'miyezi yachisanu, ndipo ndilo limakumana ndi mwera. Chipinda cha kumeneko chimayenera kusungiramo mbewu ndi katundu koposa kugonekamo khanda kapena nkhalamba.

Choncho nyumba yoima bwino ku Mchinji ndi imene msana wa denga lake wagona kuchokera kum'mawa kunka kumadzulo. Makoma aafupi ndiwo apenye kotulukira ndi kolowera dzuwa, ndipo la kumadzulo likhale lopanda zenera lalikulu. Mazenera akhale kumpoto ndi kumwera, moyang'anizana, kuti mphepo ipyole. Nzeru yomweyi ndiyo amatsata oika magetsi a sola pa denga, pakuti amawapendeketsa pang'ono kupenya kumpoto, kumene dzuwa limakhala miyezi yambiri.

Kuimika bwino kokha sikuthetsa kutentha kwa malata. Pafunikanso siling'i, ngakhale ya bango, ya nsungwi kapena ya mphasa, yotchinga pakati pa lata ndi anthu. Pafunika makoma okwera ndi timabowo totulutsa mpweya wotentha, totchingidwa ndi sefa kuti udzudzu usalowe. Amene anamanga kale mopenya kumadzulo asataye mtima. Khonde la mbali imeneyo, mtengo wa mango wobzalidwa patali pang'ono ndi maziko, ndi laimu woyera pa khoma, zimachepetsa vutolo kwambiri.

KUSERI KWA NYUMBA

Kuseri ndiko kuli ntchito zambiri za pakhomo. Kumeneko kuli khitchini, thandala la mbale, chingwe cha zovala, nkhokwe ndi bafa. Kumeneko ndiko amayanika ufa, mfutso, chimanga ndi mtedza. Pa poloti ya mpanda mayi sangakokere mphasa kutali monga ankachitira agogo ake, choncho mthunzi wa nyumba uli ndi kanthu.

Zokolola zimayanikidwa kuyambira Epulo kufikira Julayi, nthawi yomwe dzuwa lili kumpoto. Nyumba yopenya kumwera, monga za kumpoto kwa msewu wa Lilongwe, imakhala ndi kuseri kwa dzuwa tsiku lonse m'miyezi imeneyi, koma khonde lake la kutsogolo limazizira. Nyumba yopenya kumpoto, monga za tsidya lina la msewu womwewo, imakhala ndi khonde lofunda lootherapo dzuwa, koma kuseri kwake kumagwa mthunzi. Mu Juni khoma lotalika mamita 3 limagwetsa mthunzi woposa mamita 2 masana, ndipo cha m'ma 9 koloko m'mawa kapena 3 koloko madzulo mthunziwo umafika mamita 3. Pamenepo mame amachedwa kuuma ndipo dothi limakhala lozizira. Nyumba yopenya kum'mawa imakhala ndi kuseri kwa mthunzi m'mawa ndi kotentha madzulo. Yopenya kumadzulo imalandira dzuwa la m'mawa kuseri, masana akapita nikugwa mthunzi.

Iyi si nkhani ya kukoma kokha. Mchinji ndi dziko la mtedza, ndipo mtedza kapena chimanga chosungidwa chisanaume bwino chimachita chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saoneka ndi maso ndipo satha ndi kuphika. Amaononga chiwindi, amapinimbiritsa ana, ndiponso amachititsa kuti ogula akane mtedzawo. Choncho mwini nyumba yopenya kumpoto aike poyanikira pake patali ndi khoma, kupitirira pamene mthunzi wa mu Juni ulekeza. Asabzale mtengo waukulu kumpoto kwa poyanikirapo, ndipo akumbukire kuti mpanda wa njerwa nawo uli ndi mthunzi wake. Mthunzi wa kumwera usatayidwe: ndi malo abwino a mtsuko wa madzi ndi nazale ya mbande.

TSIKU LOKHOMA ZIKHOMO

Makolo ankamanga nyumba yokhala zaka zowerengeka, ndipo ikawavuta ankamanga ina. Nyumba ya njerwa zootcha imadya ndalama za zaka zambiri za fodya ndi mtedza, ndipo imakhala mpaka adzukulu. Ikaima molakwika palibe angaitembenuze. Pa zonse zofunika pomanga, njerwa, simenti, malata ndi misomali zili ndi mtengo wake. Kopenyetsa nyumba kokha ndiko kulibe mtengo, ndipo kumasankhidwa tsiku limodzi, lokhoma zikhomo ndi kukoka chingwe.

Wofuna kumanga angathe kupeza mbali za dziko popanda chida chilichonse. Azike ndodo yoongoka pamalo osalala. M'mawa aike mwala pamene pathera mthunzi wake, nayese kutalika kwa mthunziwo ndi chingwe. Madzulo, mthunzi ukafikanso pa muyeso womwewo, aike mwala wachiwiri. Mzere wolumikiza miyala iwiriyo wagona kuchokera kumadzulo kunka kum'mawa, ndipo khoma lalitali la nyumba litsate mzere umenewo. Ngati msewu uli mbali ina, khomo lingatsegulidwe kumbali, kapena kanjira kangakhote. Alendo sadzasochera.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Nyumba yozungulira inapita, ndipo ndi ochepa amene afuna kuibwerera. Koma dzuwa limene linkaomba pa linga la Mkanda ndi pa khola la Mpezeni likuyendabe njira yomweyo: kumpoto m'chisanu, paliombo m'chilimwe. Womanga amene ayamba walipenya asanakumbe maziko, ana ake adzagona tulo mu Okutobala, ndipo mtedza wake udzauma mu Juni.